Mzere Woyera Pakati pa Bedi

"Tisinthane malo, bambo a Mzime. Inu mubwere kuno kuchitseko, ine ndipite kukhomako."

"Dzenje ili m'matiresimu ndalikumba ndi msana wanga kuyambira tsiku la ukwati. Limandidziwa, nanenso ndimalidziwa. Mukufuna ndikayambe kukumba lina pamsinkhu uno?"

"Ndi masiku ochepa chabe."

"Munateronso pobwereka sizasi yanga. Mpaka lero ikudula zingwe za matumba."

"Ndiye mukufuna mkazi wanu azigona ndi mitsuko ngati khoswe?"

"Mzerewo sindinajambule ndine, mayi. Ine ndinangobwereketsa rula."

Mzime ankamva zonsezi ali pabalaza, tsache lili m'manja koma maso ali kumsewu. Anali atamaliza sukulu chaka chomwecho, ndipo ntchito yake yaikulu masiku amenewo inali kudikira. Mkangano wa makolo akewo anali atauloweza: amayi atchula mitsuko, abambo atchula msana, kenako kunja kulira belu la njinga. Chifukwa cha belu limenelo, mtsikana amene kale ankadzutsidwa ndi madzi a m'kapu tsopano ankakhala atasamba kale tambala asanatope kulira.

Pafupi ndi phazi lake panadutsa mzere wa penti woyera, wotambalala ngati chikhatho. Unalowera pakhomo lakumaso, n'kudula balaza pakati, n'kukwawira kunsi kwa chitseko cha makolo ake, n'kukagawa bedi mulitali. Mbali ya kukhoma, komwe ankagona abambo ake atelala, inali kumtunda, m'kati mwa malire. Mbali ya kuchitseko, ya amayi ake, inali kumunsi, kunja kwa malire.

Zonsezi zinayamba ndi mitsuko. Phiri la kuseri kwa nyumba yawo linali ndi dongo lofiira losapezeka kwina. Mtsuko wa dongo limenelo unkaziziritsa madzi mpaka mano kupempha chifundo, moti anthu a m'tauni akafuna kugula sankati akufuna mtsuko, ankangotchula dzina la phirilo. Koma dzina likatchuka limaitana achibale. Posakhalitsa m'misika munadzaza mitsuko yotumbululuka ya dothi la m'ngalande, yonse ikudzitcha dzina lomwelo. Ina inkadontha ngati mphuno ya mwana wachimfine, ina inkasungunuka matako ikangolawa madzi. Ogula anayamba kunena kuti amayi a kuphiri aja manja awakalambira.

Oumba anakhala pansi n'kuitana loya, mayi wachichepere wa magalasi, amene anawapeza m'shedi momwe ankakumana.

"Dzina la phiri si la munthu mmodzi," anawauza. "Koma gulu lanu likhoza kulilembetsa ku ofesi ya zizindikiro za malonda. Mudzakhala ndi chidindo. Aliyense wotsatira malamulo a gulu adzadinda pamtsuko wake, ndipo wina akadzaba dzinalo mudzamutengera kukhoti. Malamulowo mulemba ndinu. Koma samalani. Tikakawasiya ku ofesi, si malaya oti muvula kukatentha."

Wapampando wa gululo anali amayi ake a Mzime, omwe aliyense ankawatcha Mayi Chala chifukwa sankatha kulankhula osaloza munthu. Malamulo oyamba anayenda ngati madzi otsika phiri. Dongo lichokere m'phirimo. Mtsuko uumbidwe ndi manja. Chidindo chidindidwe dongo lisanaume. Kenako chala chija chinakwera m'mwamba.

"Ndipo woumba azigona m'kati mwa malire."

Loya anavula magalasi. "Kugona kukukhudzana bwanji ndi dongo, mayi?"

"Dongo limamva fungo la munthu amene wagona kwina."

M'shedimo munalibe amene sanadziwe mutu womwe mwalawo unkafuna. Kumunsi, pafupi ndi mtsinje, kunkakhala Mayi Phee, mayi wosalankhulalankhula amene ankakwera tsiku ndi tsiku kudzakumba dongo lomwelo. Iwo ndi Mayi Chala anaphunzira kuumba ali atsikana pakhonde limodzi, khonde la nyumba yomweyi. Mayi Phee atakwatiwa kumunsi anayamba kuumbira kwawo, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa ankapatsana moni wa "inu" wozizira kuposa madzi a m'mitsuko yawo. Pakhonde panatsala kampando kafupi kamiyendo yopindika, komwe Mayi Chala sankalola munthu kukhalapo. Ngakhale mphaka ankakazemba.

Loya anayala mapu n'kunena kuti malire abwino ndi mtsinje, popeza oumba onse ankakhala pakati pa phiri ndi mtsinjewo. Ananenanso kuti ndi bwino kuyenda kaye ndi woyeza malo, kuona ndi maso komwe mzere udzadutse. Mayi Chala anati miyendo yawo si yoyendera zinthu zodziwika kale. Anatuma Mzime kukatenga rula yoyezera nsalu ndi choko cha atelala, n'kugoneka rulayo pamapu kuchokera pa thanki ya madzi kukafika pamtengo waukulu wa pamphambano. Anaisendeza pang'ono, n'kuisendezanso, mpaka kadontho ka nyumba ya Mayi Phee kanagwera kumunsi. Ndiye anakanikiza rulayo ndi chala, n'kukhwatcha. Kadontho ka nyumba yawo sanakaone. Kanali pansi pa chala.

"Ndipo ndinene lero," anamaliza motero, akuloza kumunsi, "wa kuseri kwa mzere uwu asadzabwere kudzamwa madzi kwanga, kaya kudzayang'ana mwana wanga."

Patapita miyezi, chidindo chinafika, chamkuwa, chonyezimira, chojambulidwa phiri ndi kamtsuko. Tsiku lomwelo kunabwera woyeza malo ndi makina ake a miyendo itatu, zikhomo zachitsulo ndi chitini cha penti. Khamu linamutsatira, Mayi Chala ali patsogolo atavala nsapato za kutchalitchi. Mzere unasiya nyumba ya Mayi Phee kumunsi, ndipo Mayi Chala anatsokomola mokhutira. Mzere unapitirira. Unadutsa m'munda wa nyemba, unalambalala khola la aneba, n'kulowa pageti lomwe Mzime ankalidziwa bwino. Pakhomo woyeza malo anavula chipewa, n'kunena kuti odi, n'kupempha mwaulemu kuti wina amuthandize kusuntha kabati.

Bedilo silikanasunthika. Kalipentala analikhomera m'chipinda momwemo, lodzaza khoma ndi khoma, ndipo pachitseko silikanatuluka popanda nkhwangwa. Woyeza malo anapenta pansi mpaka pamiyendo yake, n'kupepesa, n'kukapitiriza kuseri kwa nyumba.

Panali lamulo linanso lomwe Mayi Chala anaumirira. Gulu likhale ndi woyendera wofika m'mawa mosadziwitsa. Akhale munthu wodziwa dongo koma wosaumba, ndiponso wogona kunja kwa malire kuti asakondere. Wopezeka atagona kunja achenjezedwe kamodzi, akabwereza alandidwe chidindo. Atafufuza m'dera lonse, munthu wotere anapezeka mmodzi yekha: mwana wa Mayi Phee, mnyamata wamtali wokonza njinga, amene anakulira m'fumbi la mitsuko koma manja ake anasankha masipoko. Ankamutcha Belu, chifukwa akachita manyazi mawu ankamuthawa, ndiye m'malo mwa moni ankaliza belu.

Belu sakanasuzumira m'chipinda cha anthu akuluakulu. Choncho ankaima pageti n'kufunsa atelala. Ndipo atelala, ngakhale ankanama ngati telala aliyense pa za tsiku lomaliza thalauza, pa zina zonse anali oona ngati sikelo. M'mawa woyamba womwewo Mayi Chala analandira chenjezo.

Mzime yekha ndiye ankaukonda mzerewo. Chipinda chake chonse chinagwera kumunsi, moti tsopano iye ndi Belu anali a dziko limodzi, anthu awiri othamangitsidwa, ndipo akaganiza zimenezi mtima unkamugunda mokoma. Ankadziona atakhala kumbuyo kwa njinga ija, mphepo ikuuluza mpango wake, akutsetsereka kupita kumtsinje osagwira mabuleki. Mawu amene Belu adzanene anali atawakonza kale, pamodzi ndi yankho lake, lomwe linali loti akane kaye pang'ono chifukwa cha ulemu. Chinkasowa ndi Belu yekha kuti atsegule pakamwa.

M'mawa wa mkangano uja belu linalira pa nthawi yake. Mzime anatuluka akusesa malo osesa kale.

"Mwa... mwadzuka bwanji, bambo," Belu anatero, maso ali pa hendulo. "Amayi agona kuti?"

"M'sitolo yosungira mitsuko, mwana wanga. Kumtunda. Aswa iwiri ndi chidendene, koma lamulo sanaswe."

Belu anagwedeza mutu. Ntchito inali itatha, koma sanachoke. Anagwada n'kuyamba kugwiragwira tcheni cha njinga. Mzime anasesa mozungulira tayala lakutsogolo, n'kusesa mozungulira lakumbuyo. Anasesa mpaka nsapato za mnyamatayo. Belu anaimirira, n'kutsegula pakamwa, n'kupuma mpweya wambiri ngati munthu wofuna kudumphira m'dziwe.

Kenako analiza belu n'kupalasa.

Masiku otsatira Mayi Chala anayendera malo onse a kumtunda kwa nyumba yawo. M'sitolo anasamukamo ataswa mtsuko waukulu womwe unali utalonjezedwa kale kwa mwini lesitilanti. Anayesa kukhitchini, koma gawo la kumtunda linali lalifupi, moti anagona atapinda mawondo mpaka pachibwano n'kudzuka akuyenda ngati nkhanu. Anayesa pansi pa tebulo la makina osokera, n'kudzuka ndi singano m'mpango. Tsiku lina anaitana mmisiri kuti awauze mtengo wosendezera nyumba yonse kumtunda, ndipo mmisiriyo anaseka mpaka kukhala pansi, ataona chala n'kusiya. Tsiku linanso anapezeka ndi burashi ndi penti wawo, akuupinda mzere kuti uzungulire bedi, koma zikhomo zachitsulo zinali m'malo mwake ngati mano a mboni.

Pomaliza analowa mu ng'anjo yootchera mitsuko, imene inali yozizira sabata imeneyo. M'mawa anatulukamo chokwawa, akuda bii, maso okha akuyera, atakumbatira pilo. Ana opita kusukulu anabalalika akukuwa, ndipo galu wa aneba sanabwerere kwawo mpaka masana.

"Amayi agona kuti?" anafunsa Belu.

"Mu ng'anjo," atelala anayankha. "Sanapse bwino. Tiwabwezeramo mawa."

"Amayi," Mzime anatero akuwathirira madzi osamba, "bwanji osangowauza a loya kuti malire akhale mtsinje?"

"Kuti uja wa kumunsi adinde chidindo changa?"

"Si chanu nokha. Ndi cha gulu."

"Sukulu ija tinakutumiza kuti ukaphunzire kuyankha akulu?"

"Ndimangonena. Ndiponso ineyo ndimagona kumunsi. Kodi madzi a m'nyumba muno ndizimwabe?"

Chala chinakwera, n'kutsikanso.

Nthawi imeneyo inali ya kuumba kwakukulu. Sitolo ina ya m'tauni inali itaitanitsa mitsuko yambiri ya chidindo, ndipo Mayi Chala ankaumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali psuu chifukwa cha tulo. Khonde lonse linadzaza mitsuko yaiwisi, yofunditsidwa masaka onyowa, yodikira kuti ilimbe pang'ono idindidwe. Madzulo ena, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, analowa kuchipinda kukatenga mafuta opaka m'manja. Anakhala pambali pawo pa bedi, pomwe anakhala akugona zaka zonse. Matiresi anawalandira ngati mwana wobwera kuchokera kutali. Anati angotsamira pang'ono.

Atelala atawapeza akuliza mkonono wa munthu wosalakwa, anawavula nsapato, n'kuwafunditsa bulangete, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Kutacha belu linalira.

"Amayi agona kuti?"

"Agona bwino kwambiri, mwana wanga. Sindinawaonepo atagona bwino chonchi."

"Koma... kuti?"

Atelala anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana pansi, n'kuusa moyo. "Kwanu. Kumunsi."

Mzime anataya tsache n'kuthamangira njinga. Anaigwira pakaliyala isanafike pamphambano.

"Iwe, sunamve kanthu."

"Ndamva."

"Unene kuti belu linakugonthetsa m'makutu. Unene kuti abambo amalota. Mitsuko yonse ija sinadindidwe, ikauma basi yapita."

"Ndinalonjeza pamaso pa gulu," Belu anatero, ndipo mawu ake sanagwedere ngakhale pang'ono. "Ndikanama lero, chidindo chija chisanduka chokongoletsera. Mawa aliyense adinda pa dothi la m'ngalande."

Mzime anamuyang'ana modabwa. Mawu ochuluka chonchi anali asanawamvepo kuchokera pakamwa pamenepo, ndipo zinamupweteka kuti anathera pa mitsuko.

"Ndiye pakamwa pamagwira ntchito. Chabwino. Tandiuza, n'chifukwa chiyani m'mawa uliwonse umaima pageti pathu ntchito itatha?"

Belu anayang'ana tayala. "Tcheni... chimavuta."

"Wokonza njinga, tcheni n'kumavuta pageti limodzi lokha?"

"Pali... pali kachitunda."

Mzime anasiya kaliyala mwamphamvu moti njinga inadzandira. Pobwerera kunyumba analumbira kuti sadzasambanso m'mawa chifukwa cha munthu, ndipo analira pang'ono kuseri kwa thanki ya madzi, akumvetsera ngati kulira kwake kukumveka bwino.

Gulu linakumana m'shedi masana omwewo. Panalibe wofuna kuyamba, mpaka mayi wina wokalamba anati lamulo ndi lamulo, ndipo amene analibereka akulidziwa nkhope. Mayi Chala anatulutsa chidindo pachifuwa, pomwe ankachisunga chokulunga m'kansalu, n'kuchiika patebulo. Loya analipo, ndipo anayesa kuwatsegulira khomo.

"Malire akhoza kusinthidwa. Tipempha ku ofesi, adzalengeza, tidikira. Koma sangavomere mzere wokhota kuzungulira bedi la munthu mmodzi. Adzafunsa kuti dera la oumba limathera pati kwenikweni, ndipo yankho ndi mtsinje. Pempholo lifunika dzanja la wapampando."

"Bola ndifere mu ng'anjo," anatero Mayi Chala, n'kutuluka.

Dzuwa la sabata imeneyo silinamve chisoni. Mzime ndi amayi ake ankanyowetsa masaka m'mawa, masana n'kupeza auma gwa. Milomo ya mitsuko inayamba kutuwa. Mayi Chala ankayenda pakati pake akuigwira umodziumodzi ngati namwino wa ana odwala, ndipo chala chawo sichinalozenso munthu. Mtsuko wouma wopanda chidindo ukanapita kumsika wopanda dzina, n'kukaikidwa pamzere umodzi ndi ya m'ngalande ija. Zimenezo Mayi Chala sakanazipirira, ndipo aliyense ankadziwa.

Tsiku lina chakumasana geti linalira. Analowa Mayi Phee, atasenza ndowa ya madzi, masaka ali m'khwapa. Kumbuyo kwawo kunali Belu akukankha njinga yomangirira zigubu. Mayi Phee sananene odi. Anaponda mzere woyera ngati sakuuona, n'kukwera pakhonde, n'kutula ndowa. Anagwira mtsuko umodzi, n'kuugogoda ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu. Kenako anakoka kampando ka miyendo yopindika kaja n'kukhalapo.

 Atelala anaimitsa makina.

"Mwabwera kudzaseka?" anafunsa Mayi Chala.

"Yauma," anatero Mayi Phee. "Koma sinaotchedwe. Tiiphwanye, tiiviike, dongo libwerera."

"Ndikudziwa zimenezo. Musandiphunzitse ntchito pakhonde panga."

"Ndiye tengani mwala."

Anayamba kuphwanya, wina uku wina uku, osayang'anana. Zidutswa anazikokolera m'dzenje lopondera dongo, Belu n'kukhuthuliramo zigubu. Zitafewa, amayi awiriwo anakwinya nsalu zawo n'kulowamo. Anaponda, naponda, matope akulira pakati pa zala. Mayi Chala anaterereka, n'kugwira phewa la Mayi Phee kuti asagwe, ndipo dzanjalo silinachokeponso.

"Kampando kaja kafupika," anatero Mayi Phee.

"Ndiwe wanenepa."

Mzime anamva "iwe" ameneyo ngati mbale yagwa m'nyumba ya zii.

"Unandijambulira mzere," anatero Mayi Phee.

"Unachoka osatsanzika. Unkati uzibwera kudzaumbira kuno, mwamuna n'kukumangira khonde lako, basi. Ine ndinkati chidindo chikakusowa ubwera. Ukhala apo, undipempha, ine ndikana pang'ono."

"Mtunda wake ndi womwewo kuchokera kuno kupita kwathu."

"Ine ndine wamkulu."

"Ndi miyezi ingati?"

"Ukulu ndi ukulu." Mayi Chala anapukuta mphuno ndi mkono, n'kusiya matope patsaya. "Mzime, uwaimbire a loya. Uwauze abwere ndi pepala lawo lija ndisanasinthe maganizo. Ndipo uwauze kuti za kugona zija azichotse. Dongo lilibe mphuno."

Atelala anatulukira pazenera. "Ndiye dzenje langa lapulumuka?"

"Inu khalani chete. Mukanangosendera tsiku loyamba lija, bwenzi zonsezi kulibe."

"N'chifukwa chake sindinasendere."

Mzime anaseka mpaka m'mimba kuwawa. Anatembenuka kuti aone ngati Belu akusekanso, koma mnyamatayo anali atatsamira njinga, nkhope ili ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Nanga iwe bwanji?"

"Malire akafika kumtsinje," anatero pang'onopang'ono, "ine ndikhala wa m'kati. Woyendera amayenera kukhala wakunja. Ndiponso za kugona akuzichotsa. Ndiye kuti m'mawa... sindizibweranso."

Mzime anaima. Anaona m'mawa wa mawa, ndi wa mkuja, ndi m'mawa wina uliwonse mpaka ukalamba: tsache, msewu, geti, popanda belu. Anadikira. Belu anapuma mpweya wambiri uja, ndipo dzanja lake linayamba kuyenda lokha kupita ku hendulo. Mzime anafika msanga n'kuphimba belulo ndi chikhatho. Mawu onse okongola amene anawakonza, pamodzi ndi kukana pang'ono kuja, anauluka ngati mbalame zoponyedwa mwala.

"Tamvera, iwe. Amayi adikira mnzawo zaka zonsezi mpaka kukagona mu ng'anjo. Ine mtima umenewo ndilibe. Sindikufuna woyendera, sindikufuna wokonza tcheni. Ndikufuna iweyo. Uzibwera m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo tsiku lina undikweze panjingapo tizipita. Wamva?"

M'dzenje muja kuponda kunaima. Amayi awiri, matope mpaka m'mawondo, anayang'anana. Chala cha Mayi Chala chinayamba kukwera, koma Mayi Phee anachigwira n'kuchibwezera pansi.

Belu anatsegula pakamwa, n'kutseka. Kenako anachotsa dzanja la Mzime pabelu mosamala, osalisiya, n'kuliza ndi dzanja linalo. Analiza, n'kulizanso, mpaka nkhuku zinathawira kuseri kwa ng'anjo.

"Ndiye kuti wavomera," Mayi Phee anamasulira. "Bambo ake ankatero ndi mluzu."

"Mwana wanga," atelala anatero ali pazenera, akudula ulusi ndi mano, "uganize bwino. Mnyamata ameneyu sanama. Tsiku limene udzamufunse ngati ndiwo zakoma, adzakuuza."

"Ndikudziwa, bambo."

"Chabwino. Amayi ako anafuna chidindo, chinabwera ndi mzere. Iwe wafuna belu, libwera ndi mwini wake." Anayang'ana akazi awo, amene ankayesa kutulutsa phazi m'dzenje koma dongo likukana. "Akuluakulu sananame ayi: walira mvula, walira matope."